Leonard Mattiya Kamungu, Mwana wa Sukulu ya M'mudzi

Munthu akachoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota pa mseu wa m'mbali mwa nyanja, amapitirira pa Benga, ndipo asanafike pa boma amaoloka mlatho wa pa Chia, pamene madzi a thamanda lalikulu lija amakumana ndi nyanja. Ana a sukulu a m'dera limeneli akamva kuti Leonard Mattiya Kamungu anabadwira ku Chia, amakondwa poyesa kuti anali mwana wa pakhomo pao. Koma Chia wa Kamungu ndi wina: ndi mudzi wa kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene lero ndi Mozambique, kumwera kwa chilumba cha Likoma. Komabe anthu a ku Nkhotakota salakwa akamamutcha wao, pakuti anagwira ntchito pakati pao, ndiponso m'masiku amenewo nyanja inali njira yoyenderana, ndipo a tsidya lino ndi a tsidya linalo ankamvana chilankhulo.

Tasankha kulemba za munthu ameneyu m'magazini ya aphunzitsi chifukwa olemba mbiri amathamangira kumutchula wansembe woyamba wa mpingo wa Anglican wochokera mwa Anyanja, naiwala kuti asanavale mkanjo wa unsembe anayamba wagwira choko, ndipo anaphunzitsapo anyamata ofuna uphunzitsi monga inu. Moyo wake unali waufupi zedi, zaka zosapitirira 36. Koma mabvuto amene anakumana nao ndi omwewo amene akudikira ambiri a inu mukadzalandira kalata yokutumizani ku sukulu yanu yoyamba.

Kamungu anabadwa cha m'ma 1877. Inali nyengo yoipa kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Kumtunda kunali Angoni, amene a kutsidyako ankawatcha Magwangwara, ndipo ankatsika kudzafunkha midzi, kotero kuti anthu ankamanga nyumba zao mothinana m'malinga kapena m'mabango, bwato lili chire. Pa nyanja ponseponse panali malonda a anthu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840 a Jumbe anali atakhazikika pa Nkhotakota, ndipo ngalawa zao zinkaolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Mwana wobadwa nthawi imeneyo sankaphunzira kuwerenga. Ankaphunzira kupalasa bwato, kuluka ukonde ndi kuthawa.

M'chaka cha 1882 azungu awiri a mishoni ya UMCA, William Percival Johnson ndi Charles Janson, anafika pa nyanja atayenda pansi kuchokera ku Masasi. Janson anali atadwala kale pa njira, ndipo anamwalira ku Chia patapita masiku owerengeka. Kamungu anali kamwana ka zaka ngati 5. Motero mudzi wa kwao unadziwika kwa amishoni kudzera m'manda. Johnson sanabwerere, anayendayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kenaka anapita ku England kukapempha sitima ya pamadzi. Pobwerako anadwala maso koopsa ku Quelimane, ndipo kuyambira pamenepo ankaona pang'ono chabe ndi diso limodzi. Sitimayo, imene inatchedwa dzina la mnzake uja Charles Janson, inayamba kuyenda m'chaka cha 1885, chaka chomwecho chimene mishoni inakhazikika pa Likoma.

Tsono tiyeni tikhalitse pang'ono pa sukulu imene inalera Kamungu, pakuti apa ndi pamene pali phunziro la ntchito yathu. Maganizo a Johnson anali akuti mudzi uliwonse wovomera ukhale ndi mphunzitsi wachikuda wokhala momwemo, ndipo wansembe azidzera pa sitima nthawi ndi nthawi kudzaona ntchito. Aphunzitsi oyamba anali anyamata oomboledwa ku ukapolo amene anaphunzira ku Zanzibar. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Augustine Ambali, amene anakhala zaka zambiri ku Msumba. Anthu amenewa anali alendo: kwao kunali kutali, chilankhulo cha m'kamwa mwao chinali Chiswahili, ndipo Chinyanja anachita kuphunzira kwa ana omwe ankawaphunzitsawo. Sukulu inali nyumba ya mitengo yofolera ndi udzu, imene inkakhalanso tchalitchi m'mawa ndi madzulo. Zipangizo zinali masileti ochepa ndi timapepala ta malembo tosindikizidwa ku Likoma, ndipo pamene sileti yasowa, mchenga wa pa gombe unalipo wambiri. Ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba, kuwerengera ndi katekisimu. Wofuna chikhristu ankayamba wakhala m'gulu la omvera, pambuyo pake nkulandira mtanda, ndipo ubatizo unkadza patapita zaka.

Bvuto lalikulu la mphunzitsi wa nthawi imeneyo silinali kusowa kwa masileti ai, koma kusowa kwa ana. Panalibe lamulo lokakamiza mwana kupita ku sukulu, panalibenso ntchito yooneka ndi maso imene kuwerenga kukanampatsa. M'malo ambiri makolo ankayesa sukulu ngati ganyu wa mzungu, nafunsa kuti mwana wao alandira chiyani akakhala pansi tsiku lonse. Nsomba zikagwa, sukulu inkatsala ndi mphunzitsi yekha. Aliyense amene waphunzitsapo pa Benga kapena pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja akudziwa kuti nkhani imeneyi sinathe. Usiku umene usipa wagwa bwino, m'mawa mwake anyamata a Sitandade 5 ndi 6 amabwera ochepa, ndipo obwerawo amaodzera. Mpunga ukayamba kucha, ana amapita kukaingitsa mbalame. Mphunzitsi wosazindikira amathera mphamvu zake pa kukalipa ndi kulanga. Aphunzitsi akale aja analibe mphamvu yolanga munthu, chifukwa mwana womenyedwa sakanabweranso, motero anaphunzira kuyenda khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi makolo pa mphasa, ndi kudziwa mwana aliyense ndi dzina lake ndi la amalume ake omwe. Ife tikuona kuti pa mfundo imeneyi iwo anatiposa. Kaundula wa m'kalasi amangotiuza kuti mwana sanabwere. Chifukwa chake chimapezeka ku mudzi, ndipo ofunika kukachitenga ndi mphunzitsi mwini.

Sitikuti sukulu zimenezo zinali zangwiro. Kuloweza kunali kochuluka kuposa kumvetsa, ndipo cholinga chachikulu chinali chakuti mwana athe kuwerenga mabuku a mapemphero. Koma sukulu yotereyi ndi imene inatola mwana wa ku Chia, nimuzindikira kuti ali ndi mutu, nimutsegulira njira ya ku Zanzibar.

Ku Zanzibar kunali koleji ya St Andrew's, pa malo otchedwa Kiungani. Sukuluyi inayamba m'zaka za m'ma 1860 ngati mosungira ana olanditsidwa m'ngalawa za akapolo, koma pofika nthawi ya Kamungu inali itasanduka malo osulirako aphunzitsi ndi atsogoleri a mpingo ochokera m'zigawo zonse za mishoni. Cecil Majaliwa, amene anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1890 nakhala wansembe wachikuda woyamba wa UMCA, anaphunzira komweko. Taganizani mnyamata amene sanaonepo madzi amchere, atayenda masabata ambiri, nafika m'tauni ya nyumba zamiyala, kumene tchalitchi chachikulu chinamangidwa pamalo pomwe kale panali msika wa akapolo, akapolo ena mwa iwo ochokera ku nyanja kwao komwe. M'kalasi ankalankhula Chiswahili ndi Chingerezi. Kamungu anayenera kuphunzira zinthu zatsopano m'zilankhulo ziwiri zachilendo nthawi imodzi, ndipo tikhulupirira kuti munthu amene wadutsa m'moto wotere saiwala msanga mmene mwana amamvera pamene mphunzitsi akulankhula zimene iye sakumva. Inu amene mudzaphunzitsa ana m'Chingerezi mudzaona nkhope zoterezo. Mwana akakhala chete pa nthawi imeneyo si kuti ndi mbuli. Kawirikawiri yankho ali nalo, koma mau olinenera ndiwo alibe.

Johnson sankakondwera kwenikweni ndi kutumiza anyamata kutali chotero. Ulendo unali wodula ndi woopsa, ndipo iye ankaopa kuti mnyamata wozolowera moyo wa m'tauni adzabwera ali mlendo kwa abale ake, wonyansidwa ndi kondowole ndi nyumba ya udzu. Ankafuna kuti mphunzitsi wa m'mudzi asulidwe pafupi ndi mudzi, m'chilankhulo cha mudzi, akudya zimene anthu a m'mudzi amadya. Maganizo amenewa ndiwo anabala koleji ya St Michael's, imene inatsegulidwa cha m'ma 1899 ku Kobwe, pa gombe loyang'anana ndi Likoma. Kamungu, atabwera ku Zanzibar, anakhala mmodzi wa aphunzitsi a pa kolejiyo pa chiyambi pake. Ndi chinthu chodabwitsa pang'ono kuti sukulu yokhazikitsidwa pofuna kupewa Zanzibar inadalira mwana wa ku Zanzibar. Koma zikuonetsa kuti mantha a Johnson sanakwaniritsidwe mwa munthu uyu. Kukangana kumeneku, kwakuti kodi maphunziro amchotse mwana pakati pa anthu ake kapena ambwezere kwa iwo, sikunathe mpaka lero, ndipo aliyense wa inu adzakuyankha ndi makhalidwe ake pa mudzi umene adzatumizidwe.

Pano tipatuke pang'ono, chifukwa gombe la kwathu kuno lili ndi gawo lake m'nkhaniyi. Chauncy Maples, bwenzi la Johnson kuyambira ku Oxford, amene anatsogolera ntchito ya pa Likoma kuyambira 1886, anadzozedwa ubishopu ku London mu June 1895. Pobwerera ku ntchito yake, pa 2 September chaka chomwecho, boti limene anakwera linagubuduzika ndi namondwe usiku m'dera la Salima, kumwera kwa Benga, ndipo iye anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Mtembo wa Maples unapezeka, nuikidwa ku Nkhotakota, kumene mishoni inali itangotsegulidwa m'chaka cha 1894 ndi Arthur Fraser Sim. Sim nayenso anamwalira chisanathe chaka cha 1895. Sitima yaikulu yokumbukira Maples inapangidwa ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1901. M'kati mwake munali chipinda chophunziriramo, kotero kuti ena mwa aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja anaphunzira ntchito yao akuyandama pa madzi. Amene mumadandaula kuti chipinda chanu chophunzirira chimatentha, kumbukirani anzanu amene ankalemba pa sileti mwera ukukuntha.

Kamungu anapitiriza maphunziro a za umulungu, ndipo m'chaka cha 1902 anadzozedwa udikoni. M'zaka zotsatira anagwira ntchito m'malo awiri ovuta, Lungwena ndi Nkhotakota. Lungwena ali m'boma la Mangochi, kumpoto kwa Malindi, pakati pa Ayao. Mafumu akuluakulu a Chiyao, monga Makanjira, anali atalandira Chisilamu kale azungu asanakhazikitse boma lao, ndipo nkhondo zimene boma la atsamunda linachita nao m'zaka za m'ma 1890 zinali zisanaiwalike. Kwa munthu wa ku Lungwena, sukulu ya mishoni inali chinthu cha anthu omwe anatentha midzi ya mafumu ake. Makolo ankaopa kuti mwana akalowa m'menemo adzasiya chipembedzo cha kwao, adzasintha dzina, ndipo adzadya zosayenera. Mantha amenewa sanali opanda pake, pakuti sukulu ndi ubatizo zinalidi njira imodzi. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: madera a Asilamu anatsalira m'mbuyo pa maphunziro a sukulu kwa zaka zambirimbiri, osati chifukwa chakuti ana ao analibe nzeru, koma chifukwa khomo la sukulu linali ndi mtengo umene makolo sakanatha kulipira.

Kumeneko Kamungu anakhalanso mlendo, Mnyanja pakati pa Ayao, wofunika kuphunzira chilankhulo china. Ntchito ya kumalo otere siyezedwa ndi kuchuluka kwa anthu. Munthu amatha chaka chathunthu akulimbana ndi ana owerengeka pa zala. Ambiri a ife tikadapempha kusamutsidwa mwezi woyamba womwe.

Nkhotakota nayo inali ndi Asilamu ambiri. Ulamuliro wa a Jumbe unali utatha pakati pa zaka za m'ma 1890, pamene womaliza wao anachotsedwa ndi boma natumizidwa ku Zanzibar, koma mizikiti, minda ya mpunga ndi Chiswahili zinatsala. Apa Chiswahili chimene Kamungu anaphunzira ku Kiungani chinali chuma, pakuti chinali chilankhulo cha akuluakulu a m'tauniyo. Kuchokera pa mishoni ya All Saints, pamene pali manda a Maples, sukulu za m'midzi zinafalikira m'mbali mwa nyanja ndi kumapiri, ndipo ntchito ya dikoni kapena wansembe inali kuyenda pansi kuchoka sukulu ina kupita ina, kumva ana akuwerenga, kuona kaundula, ndi kulimbikitsa mphunzitsi amene wakhala yekha miyezi ingapo. Imeneyi ndi ntchito imene lero timaitcha kuyendera sukulu, koma boma linalibe nayo gawo: Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa m'chaka cha 1926, Kamungu atamwalira kale zaka 13.

Lero mwana wa Chisilamu ndi wa Chikhristu amakhala pa benchi limodzi m'sukulu za m'boma la Nkhotakota, ndipo ambiri a ana a Chisilamu akaweruka amapitanso ku madarasa. Mphunzitsi watsopano adziwe zimenezi asanayambe kupatsa ana ntchito yochuluka ya kunyumba, adziwe Lachisanu, adziwenso mwezi wa Ramadan, pamene ana okulirapo amakhala osadya usana wonse. Chimene chinatsekereza ana a ku Lungwena kunja kwa sukulu chingathe kubwerera mwakachetechete kudzera m'nthabwala imodzi ya mphunzitsi yonyoza dzina la mwana kapena chovala chake.

M'chaka cha 1909, nthawi ya Bishopu Gerard Trower, amene anamangitsa tchalitchi chachikulu cha pa Likoma, Kamungu anadzozedwa unsembe. Sanali wachikuda woyamba m'dayosiziyo: Yohana Abdallah, Myao amene ankagwira ntchito ku Unangu, anadzozedwa mu 1898, ndipo Augustine Ambali mu 1906. Koma awiriwa anachokera kutali. Kamungu ndiye anali woyamba kubadwira pa nyanja pomwepo, chipatso choyamba chokhwima cha sukulu za m'midzi zija. Anakhala dikoni zaka 7. Amishoni ankati nkofunika kumuyesa munthu nthawi yaitali, ndipo kuona maso a nkhono nkudekhadi. Koma sitingabise kuti mzungu wongofika kumene sankadikira chotero.

Chaka chotsatira, 1910, mpingo unakhazikitsa dayosizi yatsopano ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Bishopu wake woyamba anali John Edward Hine, dokotala amene anakhalapo bishopu wa Likoma kuyambira 1896 mpaka 1901, kenaka wa Zanzibar. Hine analibe antchito okwanira, ndipo anatembenukira ku nyanja kumene ankadziwa anthu. Motero m'chaka cha 1911 Kamungu anayamba ntchito ku Msoro, pakati pa Akunda, kumadzulo kwa Fort Jameson, tauni imene tsopano ndi Chipata. Kwa mwana wa m'mbali mwa nyanja, dziko limeneli linali lachilendo kotheratu. Ndi chigwa chotentha cholowera ku mtsinje wa Luangwa, chopanda bwato la usipa ngakhale kamphepo ka madzulo ka pa gombe, dziko la njobvu ndi kashembe. M'zaka zomwezo madokotala anali kufufuza matenda a kaodzera m'chigwa cha Luangwa, matenda amene anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota akuwadziwa bwino. Amishoni a Dutch Reformed anali atakhazikika kale ku Magwero kuyambira 1899, ndipo sanakondwere kuona mpingo wina ukulowa m'dera limene ankaliyesa lao.

Chachikulu pa nkhani ya ku Msoro ndi chakuti Kamungu sanapite ngati wothandiza mzungu. Iye ndiye anali mutu wa ntchito. Mnyamata amene anaphunzira malembo kwa alendo ochokera ku Zanzibar tsopano anakhala mlendo wobweretsa malembo kwa ena, ndipo njira imene anatsata ndi yomwe ija inamulera: kupempha malo kwa mafumu, kumanga nyumba ya mapemphero, kutsegula sukulu m'midzi, kuika aphunzitsi, ndi kuwayendera wapansi. Anthu amene ku Lungwena ankabwera mmodzimmodzi, ku Msoro anabwera ambiri, ndipo zisanathe zaka ziwiri anali atabatiza akhristu oyamba a kumeneko. Munthuyo anali yemweyo, luso lake lomwelo. Chosiyana chinali nthaka. Tikunena izi chifukwa mphunzitsi wachinyamata amafulumira kudziweruza ndi zotsatira za sukulu yake yoyamba, mwina kudzitama, mwina kutaya mtima, pamene zambiri zimene zimabweretsa zotsatirazo zinayamba iye asanabadwe.

Kamungu anamwalira ku Msoro pa 27 February 1913, atagwirako ntchito zaka ziwiri zokha. Mbiri imene inafala, ndipo ikumvekabe, ndi yakuti anadyetsedwa chiphe ndi munthu amene ankamphikira. Anaikidwa komweko, kutali ndi nyanja. Johnson, mphunzitsi wa aphunzitsi ake, anakhalabe ndi moyo zaka zina 15, namwalira ku Liuli m'chaka cha 1928.

Chaka chimodzi chitapita, mu 1914, Dora Yarnton Mills anasindikiza kabuku ka moyo wa Kamungu ku England, ndipo mu 1971 John Weller analembanso mbiri yake. Koleji ya St Michael's, imene iye anathandiza kuyambitsa, inasamuka ku Kobwe koma inapitiriza kutulutsa aphunzitsi, ndipo ambiri mwa ansembe achikuda a m'dayosiziyo anayamba ngati ana ake. Mmodzi wa iwo ndi Josiah Mtekateka, wobadwira pa Likoma m'chaka cha 1903, amene anali mwana wa zaka 10 pamene Kamungu ankamwalira. Iyeyu anayamba ndi uphunzitsi, nakhala wansembe, ndipo mu 1965 anadzozedwa kukhala bishopu wachikuda woyamba wa mpingo wa Anglican m'Malawi, nakhala ku Nkhotakota. Kuchokera pa unsembe wa Kamungu kufika pa ubishopu wa Mtekateka panapita zaka 56. Sukulu ya sekondale ya pa Nkhotakota imene ena mwa inu munaphunzirako imatchedwa dzina la Mtekateka. Msoro anakula nakhala malo a tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya kum'mawa kwa Zambia. Ndipo m'chaka cha 2006 mpingo wa Anglican unatsegula ku Zomba koleji yake yosulira ansembe, nuitcha Leonard Kamungu Theological College.